Ndege ndi Zizindikiro Zache

Nkhuku ya anapiye siiwerenga buku, koma idziwa mbalame. Njiwa ikapita pamwamba pa bwalo, nkhukuyo ingopitiriza kupalasa. Koma chithunzithunzi cha kabawi chikagwa pansi, ilira kamodzi, ndipo anapiye onse athawira kunsi kwa nkhokwe. Nkhuku iyang'ana mapiko, iyang'ananso maulukidwe, ndipo isiyanitsa mdani ndi mlendo wongopita njira. Ikaphonya, anapiye atha.

Masiku ano mumlengalenga muli mbalame zina zimene makolo akale sanazione, mbalame zachitsulo zonyamula anthu ndi katundu. Dzina lache ndi ndege. Anthu a ku Limbuli, amene akhala pakati pa phiri la Mulanje ndi malire a Mozambique pa Muloza, adziwa kuti ndege zonse sizidza ndi nkhani imodzi iai. Ina inyamula anthu a paulendo, ina inyamula asilikali, ndipo ina idza ndi ufa ndi mankhwala m'masiku a tsoka. Chifukwa chache nkwabwino kuti mwana wa sukulu aphunzire kuzisiyanitsa.

1. Chiyambi cha ndege

Ndege yoyamba yoyenda ndi injini inauluka pa 17 December 1903, pafupi ndi Kitty Hawk m'dziko la America. Anaipanga ndi abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright, amene nchito yao inali kupanga ndi kukonza njinga. Ulendo woyambawo unakhala masekondi 12 okha, ndipo ndegeyo inayenda mamita 37, osafika ndi pakati pomwe pa bwalo la mpira.

Patapita zaka 11, mu 1914, inabuka nkhondo yaikulu ya ku Ulaya. Akulu a nkhondo anatenga ndege kuti zikazonde adani, ndipo posachedwa anaikamo mfuti ndi mabomba. Kuyambira pamenepo ndege zinagawikana mabanja awiri: ndege za asilikali, ndi ndege za anthu wamba.

M'dziko lino, pamene linali kutchedwa Nyasaland, ndege za Central African Airways zinali kutera pa Chileka; kampaniyo inayamba mu 1946. Mu 1949 ndi 1950 ndege zina zazikulu, za mimba yonga bwato, zinali kutera pamadzi pa Cape Maclear, pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Kampani ya Air Malawi inayamba mu 1964, nigwira nchito kufikira 2013. Bwalo lalikulu la Kamuzu, pa Lumbadzi, linatsegulidwa mu 1983.

2. Zinthu zinai za kuyang'ana

Munthu wofuna kudziwa mtundu wa ndege ayang'ana zinthu zinai, ndizo mapiko, injini, thupi, ndi mchira.

Choyamba ndi mapiko. Pa ndege zina mapiko alumikizika pamsana, ndipo thupi lilendewera kunsi kwache. Pa zina alumikizika kumimba, ndipo thupi likhala pamwamba. Mapiko ena atambasuka molunjika monga a nkhwazi. Amenewo ndi a ndege yoyenda pang'onopang'ono, yokhoza kutera pa bwalo lalifupi. Mapiko ena apendekera kumbuyo monga a namzeze. Amenewo ndi a ndege yaliwiro.

Chachiwiri ndi injini. Injini ndi ya mitundu iwiri. Ina izunguliritsa pulopela, ndiye nkhafi zachitsulo zimene zipalasa mphepo monga munthu apalasa madzi pa bwato. Ina ndi ya jeti: imeza mpweya kutsogolo, iutenthetsa ndi mafuta, niutulutsa kumbuyo ndi mphamvu yaikulu, ndipo ndege ikankhidwira kutsogolo. Injini ya jeti ioneka ngati mgolo wotseguka kukamwa. Munthu awerenge injinizo, aonenso pamene zikhala: pamphuno, pamapiko, kapena kumchira.

Chachitatu ndi thupi. Thupi lalitali lobulungira, la mazenera ambiri m'mzere, ndi la ndege ya anthu a paulendo. Thupi lonenepa la mazenera owerengeka, la chitseko chachikulu kumbuyo, ndi la ndege ya katundu. Thupi lopyapyala losongoka ngati mubvi, lopanda mazenera koma kachipinda kamodzi kagalasi pamwamba, ndi la ndege yomenya nkhondo.

Chachinai ndi mchira. Mchira uli ndi chipsepse choimirira, ndi timapiko tiwiri topingasa. Pa ndege zambiri timapikoto tikhala pansi, m'mbali mwa thupi; koma pa zina tikhala pamwamba penipeni pa chipsepse, nitioneka ngati chilembo cha T. Ndege zina zili ndi zipsepse ziwiri.

3. Nchito ya khutu

Kawirikawiri khutu litsogolera diso. Ndege ya pulopela ilira ming'ing'i yosadukiza, monga ya njuchi zambiri. Ndege ya jeti ikhala ndi mkokomo wonga wa bingu lakutali. Helikopita, imene ilibe mapiko oima koma mapiko ozungulira pamsana pache, imveka phaphapha, ngati anthu akuomba mphasa. Iyo ikhoza kuima malo amodzi m'mwamba monga tombolombo, ndi kutsika molunjika pa bwalo la sukulu kapena m'munda.

Pali chinthu china chodabwitsa. Mau ayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, koma kuunika kufika pomwepo. Ndege yaikulu ya jeti iuluka pafupifupi mamita 11,000 m'mwamba, ndiko kuposa katatu nsonga ya Sapitwa, imene ili mamita 3,002. Mau ache atenga masekondi oposa 30 kuti afike pansi, ndipo pa nthawi imeneyo ndege yapita kale makilomita 7. Chifukwa chache mwana woyang'ana kumene kuchokera mau saona kanthu. Wochenjera ayang'ana kutsogolo kwa mauwo. Mzere woyera umene ndege yotere isiya suli utsi wa moto iai, koma nthunzi ya m'mainjini imene yauma ndi kuzizira kwa kumwambako.

Usiku ndege izindikirika ndi nyali zache. Kunsonga kwa phiko lamanzere kuli nyali yofiira, kunsonga kwa phiko lamanja kuli yobiriwira, ndipo kumchira kuli yoyera. Munthu akaona yofiira ku dzanja lache lamanja ndi yobiriwira ku dzanja lamanzere, adziwe kuti ndegeyo ikudza kumene ali iye.

4. Ndege za anthu wamba

Pa mabwalo a Chileka ndi Kamuzu, ndege yodziwika koposa ndi Boeing 737, yopangidwa ku America, imene mtundu wache unayamba kuuluka mu 1967. Mapiko ache ali kumimba, opendekera kumbuyo. Injini zache ndi ziwiri za jeti, imodzi kunsi kwa phiko lililonse. Ndipo inyamula anthu oposa 100, kuposa basi yaikulu.

Inzache ndi Q400, yopangidwa ku Canada. Mapiko ache ali pamsana, olunjika. Injini zache ndi ziwiri za pulopela. Thupi lache ndi lalitali lopyapyala. Mchira wache ndi wa T. Inyamula anthu pafupifupi 70. Mwana amene wadziwa zinthu zinai zija sangathe kusokoneza ndege ziwirizi, ngakhale zitapakidwa utoto umodzi.

Akulu akumbukira VC10 ya Air Malawi, imene inali kupita ku London m'zaka za m'ma 1970. Imeneyo inali yosabvuta kuidziwa, pakuti injini zache zonse zinai zinali kumchira, ziwiri mbali iyi ndi ziwiri mbali inayo.

Palinso tindege tating'ono ta injini imodzi pamphuno, monga Cessna. Timeneti tinyamula anthu owerengeka, alendo odzaona nyama, madokotala, kapena odwala. Ndipo pali tindege tina topanda munthu m'kati, totchedwa madroni, toyendetsedwa ndi munthu wokhala pansi. Mu 2017 boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anapatula dera ku Kasungu kuti ayesereko madroni onyamula mankhwala ndi ojambula malo osefukira madzi.

5. Ndege za asilikali

Ana ambiri ayesa kuti ndege iliyonse ya asilikali iponya mabomba. Si choncho iai. Ndege za asilikali zili ndi nchito zosiyana: zina zimenya nkhondo, zina zinyamula anthu ndi katundu, zina zizonda, ndipo zina ziphunzitsa anyamata ndi atsikana kuuluka.

Zomenya nkhondo ndi zazing'ono ndi zaliwiro loopsa, ndipo kawirikawiri ziyenda ziwiriziwiri. Chitsanzo chache ndi MiG-21, yopangidwa ku Soviet Union, imene asilikali a Mozambique anali nayo m'masiku a nkhondo ya kwao. Mapiko ache ndi a ngondya zitatu, ndipo mphuno yache ndi yotseguka, ya chisonga pakati.

Zonyamula katundu ndi zazikulu ndi zonenepa. Yodziwika m'maiko ambiri ndi C-130 Hercules, imene inayamba kuuluka mu 1954. Ili ndi mapiko pamsana, mapulopela anai, mchira wokwezeka, ndi chitseko chakumbuyo chimene chitsika pansi ngati mlatho, kotero kuti galimoto ilowa m'kati.

Gulu la ndege la asilikali a Malawi linayamba mu 1976, mothandizidwa ndi dziko la Germany, ndipo malo ache akulu anaikidwa ku Zomba. Ndege zache zinakhala zonyamula, osati zoponya mabomba. Panali ndege za Dornier zochokera ku Germany, ndi mahelikopita ochokera ku France: Puma wamkulu, ndi Ecureuil wamng'ono, dzina limene m'Chifalansa litanthauza gologolo. Dornier 228 ili ndi mapiko pamsana, mapulopela awiri, mphuno yaitali, ndi thupi la ngondya. Inyamula anthu 19.

6. Zilembo ndi zizindikiro

Maonekedwe aonetsa mtundu wa ndege, koma sanena mwini wache. Anthu akale anati, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere; ndipo kunja kwa ndege nakonso kukhoza kunyenga. Ndege ziwiri zotuluka m'nyumba imodzi ya amisiri, zofanana ngati mapasa, ina ikhoza kugulidwa ndi asilikali, ina ndi kampani ya a paulendo. Chifukwa chache maiko anapangana za zizindikiro.

Pa msonkhano wa ku Paris mu 1919, ndiponso wa ku Chicago mu 1944, maiko anagwirizana kuti ndege iliyonse ya anthu wamba ilembedwe m'kaundula wa dziko limodzi, ndi kuti zilembo zache zilembedwe poonekera, pafupi ndi mchira ndi kunsi kwa phiko, monga nambala ya galimoto. Zilembo zoyamba zinena dziko. Za Malawi ndi 7Q, za Mozambique C9, za Zambia 9J, za Tanzania 5H, za Kenya 5Y, za Zimbabwe Z, za South Africa ZS, za Ethiopia ET, za Britain G, ndi za America N. Zilembo zotsatira ndi dzina la ndegeyo payokha, ndipo palibe ndege ziwiri zouluka ndi dzina limodzi.

Zilembozi zinena zimene utoto sunena. Pamene kampani ya Malawian Airlines inayamba maulendo ache mu 2014, dzina la Malawi linalembedwa m'nthiti mwa ndege zache ndi zilembo zazikulu. Koma pafupi ndi mchira panali ET, pakuti ndegezo zinachokera ku Ethiopian Airlines, imene inatenga magawo 49 pa 100 a kampaniyo, boma la Malawi nilitenga magawo 51.

Ndege za asilikali zili ndi chizindikiro china. Pamapiko ndi m'nthiti mwache ajambula mkombero, wa mitundu ya mbendera ya dziko lao. Ku Britain mwambo umenewu unadza ndi tsoka. Mu 1914 ndege za Britain zinali ndi mbendera yao kunsi kwa mapiko. Koma asilikali okhala pansi, poona mtanda wa mbenderayo patali, anauyesa mtanda wakuda wa ndege za Germany, naombera anzao. Pamenepo a Britain anatengera mwambo wa a France, najambula mkombero. Mkombero wa asilikali a Malawi uli ndi mitundu itatu ya mbendera: wakuda, wofiira, ndi wobiriwira. Utoto wa ndege za asilikali kawirikawiri ukhala wotuwa kapena wamawangamawanga ngati tchire, pamene ndege za a paulendo zikhala zoyera ndi zowala.

Palinso zizindikiro za chifundo. Ndege yoyera ya zilembo ziwiri zakuda, UN, ndi ya bungwe la United Nations. Mtanda wofiira pa malo oyera usonyeza ndege yonyamula odwala ndi obvulala, ndipo malamulo a nkhondo aletsa kuiombera.

Munthu wa pansi aona zilembo pamene ndege ili pafupi pokha. Koma oyang'anira maulendo a ndege, okhala m'nsanja ya pa bwalo, adziwa ndege ili kutali. Pakuti alankhula ndi woyendetsa pa wailesi, ndipo m'ndegemo muli kachipangizo kamene katumiza nambala yache ndi kutalika kumene ili.

7. Mtengo wache wa kusazindikira

Nkhani imeneyi si ya masewera. M'dziko la Mozambique munali nkhondo yapachiweniweni zaka zambiri, kufikira pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992. Mu 1986 nkhondoyo inafika ku Milange, tsidya lija la Muloza, ndipo anthu ambirimbiri anaoloka mtsinje kudzabisala m'midzi ya Mulanje. M'masiku otere munthu wa mfuti ayesa mdani chinthu chilichonse chopita m'mwamba.

Pa 6 November 1987 ndege ya Air Malawi ya mtundu wa Skyvan inanyamuka pa Chileka kupita ku Lilongwe. Skyvan ndi ndege ya thupi longa bokosi, ya mapiko pamsana, mapulopela awiri, ndi zipsepse ziwiri. Ndipo m'maiko ena asilikali nawonso anali nazo. Njira yolunjika ya pakati pa mizinda iwiriyi idutsa pamwamba pa kachigawo ka dziko la Mozambique. Ndegeyo inaomberedwa pafupi ndi Ulongwe, ndipo anthu onse 10 amene analimo anafa. Zilembo zache zinali 7Q-YMB, zilembo za ndege ya anthu wamba ya ku Malawi. Zaka zitatu izi zisanachitike, mu 1984, maiko anali ataonjeza mau m'pangano la ku Chicago, akuti dziko lisagwiritse nchito zida pa ndege ya anthu wamba ili m'mwamba. Lamulo linalipo, zilembo zinalipo. Koma chizindikiro sichipulumutsa ngati woona safatsa.

Pali nthawi inanso imene diso lofatsa lifunika. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228, yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, inasowa m'nyengo ya nkhungu. Anthu anaifunafuna kufikira m'mawa mwache, naipeza itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 anafa, ndipo mmodzi wa iwo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima. Ndege ikasowa chotero, ofunafuna afunsa anthu a m'midzi zimene anaona ndi zimene anamva. Mboni yonena kuti, "Ndinaona ndege," ithandiza pang'ono. Koma mboni yonena nthawi, ndi kuchuluka kwa injini, ndi kumene ndegeyo inaloza, ifupikitsa ulendo wa ofunafuna. Phiri la Mulanje nalonso libisika m'chiperoni masiku ambiri, ndipo anthu okhala m'tsinde mwache ndiwo maso ndi makutu a dziko.

8. Helikopita pa mudzi

M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'maboma a kumwera. M'Mulanje ndi m'Phalombe madzi ndi miyala zinatsika m'phiri, nizikokolola nyumba, minda, ndi milatho. Anthu mazanamazana anafa m'dziko lino, ndipo midzi ina inatsala ngati zilumba, yosafikika ndi galimoto. Pamenepo maiko oyandikana nalo, Tanzania ndi Zambia, anatumiza mahelikopita a asilikali ao, ndipo bungwe la World Food Programme nalonso linanyamula chakudya pa helikopita. Ndege zimene zinapangidwira asilikali zinadza ndi ufa ndi mankhwala, nizinyamula odwala.

Helikopita ikatera pa mudzi, ana athamangira kukaiona. Koma pamenepo pali ngozi. Kumchira kwache kuli kapulopela kamene kazungulira msanga kotero kuti diso silikaona, ndipo kakhoza kupha munthu pomwepo. Chifukwa chache mwana wanzeru aima patali, kutsogolo kumene woyendetsa amuona. Safika kumchira konse. Agwiritsa chipewa ndi nsalu kuti mphepo isaziulutsire m'mapiko. Atenga ang'ono ache pa dzanja. Ndipo sayandikira kufikira mapiko ataima ndi akulu atamuitana.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana amene aona ndege ayambe wafatsa: ayang'ane mapiko, awerenge injini, aone thupi ndi mchira, ndipo ngati ili pafupi awerenge zilembo kapena afune mkombero. Pambuyo pache akanene kwa mphunzitsi kapena kwa amfumu chimene waona chokhacho, osaonjezapo za m'mutu mwache, pakuti mphekesera ya ndege ikhoza kuthawitsa mudzi wonse popanda chifukwa, ndipo mau oona akhoza kupulumutsa anthu.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zinai zimene munthu ayang'ana pofuna kudziwa mtundu wa ndege.
2. Kodi Boeing 737 isiyana bwanji ndi Q400?
3. Ndege ya zilembo C9 ichokera ku dziko liti? Nanga ya 7Q, ndi ya 9J?
4. Chifukwa ninji a Britain anasiya mbendera najambula mkombero pa ndege zao?
5. Ngati mau a ndege afika patapita masekondi 15, kodi ndegeyo inali makilomita angati?
6. Mwana achite chiani helikopita ikatera pa bwalo la sukulu?